Mapazi M'magazi

Anafika Lachiwiri pa galimoto yoyera,
nakhoma tenti pabwalo la sukulu pa Dwangwa.
Chimkuzamawu chinazungulira tauni yonse:
wodula nzimbe, wa kaunjika, wa pachigayo, aliyense,
dontho limodzi basi.

Che Twaibu anatseka okala.
Ati anamapopa a masiku ano amabwera dzuwa likuswa mtengo,
atanyamula mafomu ndi bolopeni.
Tinaseka, inde,
koma pamzere aliyense ankapatsa mnzake ulemu wotsogola.

Njinga ndinaitsamiritsa pamtengo wa mango.
Zaka zisanu ndi zinayi ndili pa kabaza,
mpando wakumbuyowo wanyamula theka la tauni ino:
amayi oyembekezera, matumba a feteleza, aphunzitsi ochedwa,
ndi onse otsokomola a chaka chija
amene ankapumira pamsana panga
ndikuwathamangitsira ku Nkhunga.

Mtsikana wa magolovesi, dzina pachifuwa Ulemu Chikuse,
anati: Bambo, sitikusaka matendawo ayi,
tikusaka mapazi ake.
Mlendo akadutsa pakhomo usiku mumadziwira pafumbi.
Asilikali a m'thupi akamenyapo nkhondo
saiwala nkhope ya mdani.
Ife tikungowerenga makomo amene analowa.

Anabaya chala chimene chimagwira buleki.
Dontho linatuluka mwaulesi.

Mphindi khumi ndi zisanu pabenchi ya ana a sitandade 2,
mawondo kufika m'chibwano.
Kumunda ankaotcha nzimbe,
phulusa lakuda likutera pamapepala ake,
iye n'kumaliuzira, fuu, osakweza maso.

Mizere iwiri.
Musaope, si aja mukuganizawo, anatero.
Awa anadutsa kale. Munapambana osadziwa n'komwe.

Osadziwa n'komwe.

Chaka chija ine sindinagonepo tsiku n'limodzi lomwe.
Ngakhale chimfine.
Koma Felesiya, amene dziko lake linkathera pakhonde
pomwe panali makina ake osokera,
Felesiya amene ankandilandira malaya a thukuta madzulo,
tikumamwera thobwa m'kapu imodzi
poti inzake inasweka,
anayamba kubanika Lachisanu,
ndipo Lachisanu linalo tinali kumanda.
Yunifomu ya mwana wa eni inatsala pamakina
dzanja limodzi losasoka.

Achibale anafunafuna mutu wa nkhani
naupeza kuseri kwa mpanda, kwa Nachisale,
mayi wokhala yekha, wa diso limodzi lofiira.
Mwala woyamba padenga pake sindinaponye ine.
Koma sindinaletse.
Zaka zitatu tsopano ndikamuona ndimaliza belu
kuti apatuke.

Ndinafunsa mtsikanayo:
Kodi kapulasitiki kanuka kamanenanso
amene anandipatsa, kapena amene ndinam'patsa?
Anapukusa mutu.
Kamangonena kuti anafika.
Kumene anachokera, kumene analowera, sikadziwa.
Analemba 412 pomwe ndinkayesa alemba dzina langa,
nandipatsa kathonje.
Wotsatira!

Sikadziwa.
Nanenso sindidziwa, ndipo sindidzadziwa.
Mwina anali mlamu wodzatenga diresi,
mwina kutchalitchi, mwina pamjigo.
Koma ndawerengera maulendo onse a chaka chija
ndipo pali mmodzi amene anakwera osalipira,
sanatsike pa Nkhunga,
anakhala phee kumbuyo kwanga mpaka kunyumba.

Mawa lipoti lidzapita ku Lilongwe:
pa anthu khumi alionse, akutiakuti.
Mwa khumiwo Felesiya mulibe.
Akufa sabayidwa chala.

Pobwerera, pafupi ndi njira ya kuchigayo,
ndinapeza Nachisale atasenza thumba la chimanga,
kathonje kake kali pachala ngati kanga.
Anamva tcheni, napatukira m'udzu monga mwa masiku onse.
Ndinagwira buleki. Bala linaluma.

Kwerani, mayi.

Anayang'ana njinga, anayang'ana chala changa,
anayang'ana kumbuyo ngati ndikuitana wina.
Kenako, thumba likadali pamutu,
anafunsa:
Ndi zingati?